Babu la Pamwamba pa Makina

Anthu a mumsewu umenewo amawatchula kuti Atelala, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pakhadi la kuchipatala. Nyumba yawo ndi ya zipinda zitatu zondondozana. Cha kumaso, choyang'ana kumsewu, ndi mosokeramo, chapakati ndi chochezera, chakumapeto ndi chogona. Makina awo ndi aja akale opalasa ndi mapazi, chitsulo chokhachokha, amene akayamba kulira, ngakhale munthu agogode chitseko ndi mwala simungamve. Kusoka sanakuphunzire kusukulu. Ali mtsikana ankatenga zovala zakutha n'kuzimasula msoko ndi msoko kuti aone mmene anazilumikizira. Mpaka lero amanena kuti chimene maso aona, manja sangachikane.

Amuna awo anali amagetsi. Ntchitoyo anaigwira kuyambira asanakwatire mpaka imvi, ndipo anzawo anawapatsa dzina loti a Fyuzi chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Nyumba zambiri za m'deralo mawaya ake anaika ndi iwo, koma m'nyumba mwawo munali lamulo lakuti bokosi la zipangizo salikhudza munthu. Babu likapsa iwo atachokapo, aliyense ankadikira kuti abwere. Ndiye panali tesita yawo, kasikuludiraiva kokhala ndi kagetsi m'chigwiriro, kamene kamayaka kakakhudza waya wamoto. Imeneyo inkakhala m'thumba la malaya, chapamtima, ngakhale popita ku ukwati. Mlongo wawo anayesapo kuibwereka kuti amangire chigwiriro cha poto, ndipo mawu amene analandira tsiku limenelo akuwakumbukirabe. Atelala nawo, ukwati udakali watsopano, anafunsapo kuti mawaya amenewa amayenda bwanji. Anauzidwa kuti magetsi sakhululuka, iwo azisoka, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa wina a Fyuzi akumanga zingwe za nsapato anangopendekeka n'kugwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja ndi mwendo wake zitafa, kukamwa kutapotoka, mawu atathawa. Linatsala liwu limodzi lokha, "ayi", ndipo amene ankawadziwa bwino anati mwa mawu onse a padziko, loti n'kutsala linalidi lomwelo. Akafuna madzi ankati ayi. Akawapatsa madziwo ankatinso ayi, uku akumwa. Atelala anazolowera kumva ndi maso, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwakhazika pampando, kenako n'kuthamangira kumakina, chifukwa tsopano m'nyumbamo munalibenso dzanja lina logwira ntchito.

Vuto linali mtunda wa pakati pa bedi ndi makina. Anawasiyira kapu yachitsulo kuti azimenya pabedi akafuna thandizo, koma makina akamalira kapuyo inkangodzivutikira. Masana ena Atelala ali kalikiliki ndi mayunifolomu a sukulu, a Fyuzi anafuna kupita kuchimbudzi. Anamenya kapu mpaka inapindika. Atatopa anayesa kudzuka okha, n'kugwa chafufumimba, chipumi n'kumenya m'mphepete mwa tebulo. Anakhalitsa pasimenti pamenepo. Choipa kwambiri n'chakuti amene anawapeza si akazi awo koma mlongo wawo uja, amene anabwera kudzazonda n'kulowera khomo lakuseri.

Alamuwo si munthu woipa, tisawanamizire. Kungoti akaona magazi a mchimwene wawo saonanso china. Anawapukuta bala, anawagoneka, kenako anatulukira mosokera muja n'kuyankhula ataimirira. Anati kwawo kuli anthu ambiri, sipadutsa nthawi popanda wina pakhomo, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Anati mwezi ukatha abwera ndi galimoto kudzamutenga mchimwene wawo.

"Si kuti ndikukudani, alamu," anatero. "Koma munthu sangamagwe m'nyumba muli mkazi wake."

Atelala anadziwa kuti zinali zoona. Koma mantha anawagwira. Ankadziwa kuti munthu wodwala chonchi akachoka pakhomo pake sabwereranso, ndipo iwo adzasanduka mlendo wopita kukaona mwamuna wawo Lamlungu. Ankaopanso pakamwa pa anthu, kuti uja anamulanda mwamuna abale ake chifukwa cholephera kumusamala. Ndipo kunena zoona, bambo wovuta ameneyu ankamukonda. Kusiya kusoka sikukanatheka. Kulowetsa makina kuchipinda sikukanathekanso, poti makasitomala amabwera kudzayesa zovala, ndipo a Fyuzi sankafuna kuonedwa ali choncho. Anayesa kumangirira chitini cha timiyala kuchingwe, koma makina anachimeza nachonso. Pamenepo ndi pomwe anaganiza kuti ngati makutu alephera, agwiritse ntchito maso. Pakhale swichi pafupi ndi dzanja lamanzere la abambo, waya adutse pamwamba pa makoma, ndipo pamwamba pa makina pakhale babu lofiira.

Anapita kwa anzawo a a Fyuzi, aja ankadzaza pakhomo masiku amene zinthu zinkayenda. Wina anati mawa. Wina anati ali ndi ntchito kutali, akabwerako. Wachitatu anabweradi, anamwa tiyi, anapukusa mutu pomuona mnzake, anayeza khoma ndi maso, n'kupita osaonekanso. Mwezi unali ukupita.

Foni anawapatsa ndi mwana wawo wamkazi amene amakhala kutali, ndipo anawaphunzitsa kufufuza mavidiyo a masitayelo a madiresi. Tsiku lina Atelala anangoyesa kufufuza za swichi ndi babu. Zinatuluka zambirimbiri, koma iwo anakonda za bambo wina amene nkhope yake sinkaoneka. Ankangooneka manja, manja aubweya okhala ndi wotchi, akugwira ntchito pathabwa loyera. Anamupatsa dzina loti a Manja. Chiyankhulo chake ankangotolako apa ndi apo, koma zimenezo sizinawadetse nkhawa, poti diresi ankalimasula popanda kulifunsa. Ankaimika foni kuchitini cha mabatani n'kumaonera akudya, kuimitsa, kubwezera m'mbuyo, kuonanso. Anaona mmene amasendera waya osadula timikuwa ta m'kati, mmene amapotera nsonga yake, mmene amaikokera akamanga kuti aone ngati yagwira. Anaonanso kuti a Manja asanakhudze chilichonse amayamba azimitsa swichi yaikulu, ndipo anagwedeza mutu, chifukwa pamenepo pokha a Manja ndi a Fyuzi ankagwirizana.

Bokosi la zipangizo linali pansi pa bedi. Tsiku limene Atelala anagwada n'kulikoka, a Fyuzi anatulutsa ayi wina amene sanamvekepo chiyambire matendawo. Atelala anawafotokozera bwinobwino zimene akufuna kuchita ndi chifukwa chake, n'kuwaonetsa foni. A Fyuzi anayang'ana manja aubweya aja pang'ono chabe, kenako anatembenukira kukhoma. Atelala anaseka chamumtima. Zaka zonsezi bambo ameneyu sanachitepo nsanje ndi mwamuna aliyense, lero akuchita nsanje ndi manja opanda mutu.

M'bokosimo munali zonse: pulayala, timisomali togwirira waya kukhoma, swichi yatsopano idakali m'pepala lake, choikamo babu, ndi mpukutu wa waya. Tesita inalinso momwemo, chifukwa malaya a thumba a Fyuzi anali atasiya kuvala. Imeneyo Atelala sanaikhudze. Ntchito yake sankaidziwa bwino, komanso anaona kuti kutenga imeneyo kukhala kuwonjeza. Anayamba ndi kuyeserera pathabwa, monga amachitira ndi nsanza asanadule nsalu ya kasitomala. Zala zozolowera singano sizinavutike. Nsonga zawo zinkatuluka zaudongo kuposa za a Manja.

Atasenda waya wa m'bokosi uja anapeza kuti m'kati mwake muli awiri, wofiira ndi wakuda. Wa a Manja unali ndi wakuda ndi woyera. Muvidiyomo zinali zoonekeratu kuti wakuda ndiye amadulidwa n'kulowa m'swichi, winayo n'kungodutsa mpaka kubabu. Atelala sanataye nthawi kuganiza. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akufananitsa ulusi ndi nsalu sangaone chakuda uku, chakuda uko, n'kukayikanso. Zoti m'mayiko ena wakuda ndiye wamoto pamene m'nyumba yawoyo wamoto ndi wofiira, panalibe wowauza. Mwina a Manja ananenapo, koma ananena m'chiyankhulo chawo.

Ntchito yeniyeni anaigwira Loweruka m'mawa. Anazimitsa swichi yaikulu, anatsegula soketi ya kuchipinda, analumikiza wofiira kwa wofiira mnzake, wakuda kwa wakuda. Kufika apo a Fyuzi ankangoyang'ana ndi diso lakuthwa. Koma Atelala atafika pambali pa bedi, n'kudula waya wakuda kuti alowetse m'swichi, a Fyuzi anayamba. Ayi, ayi, ayi, uku akumenya kapu pabedi n'kumaloza bokosi. Atelala anawauza kuti zipangizo zawo sazidya, azibweza zonse akamaliza. A Fyuzi anamenyabe kapu mpaka thukuta. Atelala anangoluma mano n'kupitiriza, anakwera pampando, anakhomerera waya wowongoka ngati mpendero, anadutsa pachochezera mpaka kumakina. Pofika masana anayatsa swichi yaikulu, anabwerera kuchipinda, anadina kaswichi kaja n'kuthamanga kukaona. Babu lofiira linali litayaka. Anakazimitsa, linazima. Anakhala pampando wa makina n'kulira pang'ono, chifukwa cha chimwemwe ndi kutopa.

Koma a Fyuzi anakana kuidina swichiyo. Atelala anawagwira dzanja lamanzere kuliika pamenepo, iwo analibweza ngati akhudza mbaula. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Akafuna kanthu ankamenya kapu yawo yopindika ija, ndipo Atelala anabwerera ku moyo wosoka pang'ono, kuimitsa, kutchera khutu, kuthamanga kukasuzumira. Babu linangokhala pamenepo osayaka, makasitomala n'kumafunsa ngati ndi lokongoletsa. Nthawi iliyonse Atelala akalowa kuchipinda, a Fyuzi ankaloza swichi, kenako bokosi, n'kunena liwu lawo lija. Atelala zinawapweteka kwambiri. Ankaona kuti bambowa alolera kutengedwa ngati katundu kusiyana n'kuvomera kuti mkazi wawo waika waya n'kuyaka.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, alamu anaimba foni kunena kuti galimoto yapezeka, alongedze zovala ndi mankhwala. Atelala atangodula foniyo analowa kuchipinda mtima uli m'mwamba, n'kupeza chala chija chikulozabe bokosi. Apa ndiye anaphulika. Anakoka bokosilo, analinyamula, n'kukhuthulira zonse pabulangete.

"Tengani zinthu zanuzo, bambo. Mupite nazo kwa achemwali anuko, muzikagona nazo. Ine ndimafuna mukhale pano, koma inu mwasankha bokosi."

A Fyuzi sanayankhe ayi. Anapapasa ndi dzanja lamanzere m'zitsulomo, anakankha pulayala, anakankha nyundo, mpaka anapeza tesita. Anaigwira kanthawi. Kenako anaitambasulira kwa akazi awo. Atelala anazengereza kuilandira, poti chikwatirane chinthu chimenecho anali asanachigwirepo. A Fyuzi anawaonetsa poika chala, pakachitsulo ka kumapeto kwa chigwiriro. Analoza swichi kuti aione kuti ndi yozimitsa. Analoza kukhoma, mbali ya kumakina, anapotoza dzanja m'mwamba ngati akuchotsa babu, kenako anabaya m'mwamba momwemo ndi chala chimodzi.

Atelala anapita. Anachotsa babu lofiira lija, anagwira tesita monga anawaonetsera, n'kukhudza nsonga yake pakachitsulo ka m'kati mwa choikamo babu. Kagetsi ka m'chigwiriro kanayaka. Swichi inali yozimitsa, babu linali m'dzanja lawo, koma moto unali pomwepo ukudikira. Anayang'ana pansi n'kuona kuti ali chosavala nsapato, phazi lina lili pachopondera chachitsulo cha makina. Anakumbukira kuti Loweruka lililonse amapukuta fumbi la ulusi paliponse ndi kansalu konyowa, ndipo pamenepo akanapukutaponso, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi pozimitsa. Anachotsa phazi pachopondera chija msangamsanga. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo bambo uja masiku onsewa sankalirira bokosi. Ankaona mkazi wake atakhala pansi pa waya wamoto, iye alibe pakamwa pomuuzira.

Anabwerera kuchipinda pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anafunsa ngati wofiira ndiye woyenera kulowa m'swichi. A Fyuzi anati ayi, uku akugwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsikira kumbali yopotoka ija. Atelala anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwauza kuti akanawaphunzitsa kalekale zonsezi sizikanachitika. A Fyuzi anayang'ana kudenga.

Tsiku limenelo makina sanalire. Atelala anazimitsa swichi yaikulu, ndipo a Fyuzi sanawalole kukhudza waya asanayese ndi tesita kuti motowo wachokadi. Atelala anawakhazika abambo pampando, pafupi ndi khoma, supuni ili m'dzanja. Zikakhala bwino supuni inkangokhala chete, zikalakwika inkalira pabedi. Inalira kambirimbiri. Inalira chifukwa cha nsonga yaitali kwambiri, inalira chifukwa cha sikuluu yosalimba, inalira chifukwa waya wakuda wodulidwa uja anafuna kungomulumikiza n'kukulunga tepi, mpaka anachotsa chidutswa chonsecho n'kuika chatsopano. Foni inali pawindo, ndipo nthawi ina Atelala ataisuzumira kuti aone mmene a Manja amatsekera swichi, supuni inalira ngakhale panalibe cholakwika. Atamaliza anayatsa swichi yaikulu, anakachotsanso babu, anayesa ndi tesita. Kagetsi sikanayake. Anabwezera babu, ndipo asanatembenuke n'komwe linayaka lokha pamaso pawo, lofiira kuti psuu. A Fyuzi anali atadina.

Alamu anafika m'mawa wa tsiku limene ananena, galimoto n'kuima pamsewu, dalaivala osazimitsa n'komwe. Anapeza Atelala ali pamakina, chikwama chosalongedza. Atelala anawaonetsa babu, anawaonetsa waya, anafotokoza. Alamu anamvetsera milomo ili yothina. Anati babu silinyamula munthu, ndipo akudabwa kuti Atelala akusewera ndi magetsi m'nyumba muli wodwala. Atelala anati babu silinyamuladi munthu, koma limaitana wonyamula. Mawu anayamba kukwera, wina akuti mchimwene wanga, wina akuti mwamuna wanga. Ali m'kati mokangana choncho nkhope ya alamu inafiira mbali imodzi. Onse anayang'ana m'mwamba, kenako anathamangira kuchipinda, Atelala patsogolo.

A Fyuzi anali bwinobwino, atatsamira pilo, chala chidakali paswichi. Alamu anagwada pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja lakufa lija.

"Achimwene, ndabwera kudzakutengani. Tipite kwathu?"

"Ayi."

"Musandinamize, alamu," anatero potembenuka. "Ameneyu ngakhale mumufunse ngati akufuna kuchira, ayankha zomwezo."

A Fyuzi anasiya swichi n'kupisa dzanja pansi pa pilo. Anatulutsa tesita. Anakodola akazi awo kuti awerame, ndipo Atelala anawerama, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Ndi dzanja lamanzere a Fyuzi anafunafuna thumba la epuloni, lija mumakhala choko ndi kasizasi. Analephera koyamba, tesita inagwera pabulangete. Anaitola, anayesanso, mpaka inalowa, ndipo anakanikiza kachitsulo kake kuti kagwire m'mphepete mwa thumba monga ankachitira pamalaya awo. Kenako anasisita pathumbapo n'kumuyang'ana mlongo wawo.

Alamu anayang'anitsitsa tesita ili m'thumba la epuloni. Iwo ndi amene anakanizidwa chinthu chimenecho chifukwa cha chigwiriro cha poto, ndiye sanafunikire wowamasulira. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anatuluka kukauza dalaivala kuti azipita. Atabwerera anafunsa ngati m'nyumbamo muli masamba a tiyi, ndipo anakatereka madzi okha. Pochoka madzulo anati azibwera Lachitatu lililonse kudzakhala ndi mchimwene wawo, komanso soketi ya kukhitchini kwawo ikumatentha, koma zimenezo akambirana tsiku lina.

Atelala akusokabe, ndipo za soketi ya alamu anakana, anati aitane amagetsi enieni, iwo bambo mmodzi akuwakwanira. Mavidiyo a a Manja amaonerabe, koma tsopano amaonera kuchipinda, foni itaimikidwa pamimba pa a Fyuzi, supuni ili pafupi. Babu lofiira limayaka kangapo patsiku. Nthawi zina ndi madzi, nthawi zina ndi kuchimbudzi. Nthawi zina Atelala amasiya msoko pakati, n'kuthamanga, n'kukapeza bambo ali phee, sakufuna kalikonse, akungowayang'ana. Amawakalipira kuti diresi la eni ake likudikira, a Fyuzi amati ayi, ndipo Atelala amakhala m'mphepete mwa bedi pang'ono asanabwerere kumakina.